Mafuta a Rosemary ku Mashonaland: Tipeze Wogula Tisanabzale

Alangizi anzanga, m'maulendo anga ku minda ya ku Marondera, Mazowe ndi Banket, m'zigawo za Mashonaland ku Zimbabwe, funso limodzi limabwera kawirikawiri: kodi rosemary angalowe m'malo mwa fodya? Ena mwa ofunsawo ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu akuluakulu, amene ntchito zawo zinatha pamene malo anagawidwa kuyambira m'chaka cha 2000. Anthu otere alibe ndalama zoyesera mwayi. Maganizo anga ndi akuti tisalimbikitse mlimi kubzala mbewuyi tisanayankhe mafunso atatu.

Funso loyamba ndi la nthaka. Kwawo kwa rosemary ndi kugombe la nyanja ya Mediterranean, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo nyengo yotentha imakhala youma. Ku Mashonaland mvula imagwa kukutentha, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo madera ambiri amalandira mamilimita 750 mpaka 1,000 pachaka. Mbewuyi imapirira chilala koma mizu yake imaola madzi akadikha. Motero nthaka yamchenga ya ku Marondera ingaiyanje kuposa katondo wa ku Mazowe, ndipo kulikonse iyenera kubzalidwa pamitumbira.

Funso lachiwiri ndi la kutcheza. Mafuta amatuluka poloŵetsa nthunzi m'masamba ndi kuiziziritsa, monga momwe amatchezera kachasu. Pa makilogalamu 100 a masamba, mlimi angayembekezere kilogalamu imodzi kapena awiri okha a mafuta. Chotchezera chimadya nkhuni, pamene zigawo zimenezi zataya kale mitengo yambiri kaamba ka kuchiza fodya. Popanda chotchezera cha gulu pafupi ndi minda, ndiponso nkhalango yodzibzalira, phindu lidzathera pa mayendedwe ndi nkhuni.

Funso lachitatu ndi la msika. Maiko amene akhala akutsogola pa malonda ameneŵa ndi Spain, Morocco ndi Tunisia. Mafuta a ku Morocco ndi Tunisia amachuluka mankhwala otchedwa cineole, pamene a ku Spain amachuluka camphor. Wogula wakunja sanunkhiza botolo chabe. Amayeza mafutawo m'labotale molingana ndi muyezo wa ISO 1342. Nthambi zothyola pa mpanda wa mnansi zingaphuke bwino, koma mafuta ake n'kukanidwa. Dziko la Zimbabwe linadziŵika kunja ndi mafuta a Tagetes minuta, chitsamba chomera chokha m'minda, chifukwa otcheza ake ankadziŵa zimene opanga mafuta odzola onunkhira ankafuna. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tsono pali nkhani ina yofunika kuposa ndalama. Mafutaŵa amagulidwa kwambiri ndi ochiza pogwiritsa ntchito fungo, njira imene katswiri wa ku France, René-Maurice Gattefossé, anaitchukitsa ndi dzina lakuti aromatherapy m'chaka cha 1937. Ogulitsa amati rosemary amanola nzeru ndi kumeretsa tsitsi. Zoona zake n'zakuti kafukufuku wa Mark Moss ndi mnzake ku Northumbria University, m'chaka cha 2012, anaona kuti mwa amene anapuma fungoli, amene anali ndi cineole wochuluka m'magazi anayankha bwinoko mafunso oyesa ubongo, koma oyesedwawo anali 20 okha. Umboni wotere ndi chiyambi chabe. Sutipatsa ufulu wouza mayi kuti botolo lingaloŵe m'malo mwa chipatala.

Tinaona m'chaka cha 2021, mliri wa Covid-19 utafika pachimake, momwe anthu a ku Zimbabwe anathamangira kudzifukiza ndi zumbani, chitsamba cha Lippia javanica. Chidwi cha anthu pa zitsamba n'chachikulu, ndipo mawu a mlangizi amalemera. Tiwauze poyera kuti mafuta a rosemary samwedwa, sapakidwa pakhungu osasungunula ndi mafuta ena, ndipo ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala khunyu ayenera kuwapewa, popeza camphor angayambitse kukomoka.

Sindikutsutsa mbewuyi. Imakhala zaka zingapo m'munda, njuchi zimakonda maluŵa ake, ndipo masamba ake ouma amagulitsidwa ngati zokometsera ndiwo ngakhale popanda chotchezera. Ndikupempha kuti tiyambe ndi timinda tachitsanzo, mogwirizana ndi malo ofufuzira za mbewu zam'dimba ku Marondera, tiyezetse mafuta a mtundu uliwonse, tione pangano lolembedwa la wogula, kenaka tiitane alimi. Mlangizi wa ku Chipata, Angónia kapena Dedza akamva funso lomweli, atsate ndondomeko yomweyi. Mlimi akataya nyengo imodzi chifukwa cha uphungu wathu, sadzabweranso ku msonkhano wotsatira.