Zotsala za Mtedza Zisapite M'phala la Mwana

Ku Malaysia ndi ku Indonesia, kumene amayenga mafuta ambiri a kanjedza, omwe anthu a ku Karonga amawatcha mawese, mafakitale sataya zotsala. Makoko amasonkhezera moto woyendetsa makina, zisenga zimabwerera kumunda kukakhala manyowa, ndipo madzi akuda ena amawasunga m'maiwe kuti atulutse mpweya woyaka.

Kanjedza wotere samera ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma. Mafuta a kuderali ali mu mtedza, ndipo nawo uli ndi zotsala zake. Masangwe ndi chakudya chabwino cha ng'ombe ndi mbuzi m'chilimwe. Makoko akathiridwa m'nkhuti pamodzi ndi ndowe ndi phulusa amasanduka manyowa. Kuwaunjika kuseri kwa nyumba ndi kuitana makoswe. Zofinyidwa zotsala poyenga mafuta, zimene amazitcha keke, zimanenepetsa nkhumba ndi nkhuku.

Koma pali chotsala chimodzi chimene mabanja ambiri amachisunga molakwa. Mlimi akamasankha mtedza wopita kumsika wa Namitete kapena wa Mpingu, wonyala, wofumbwa ndi wa chuku amaupatula. Umenewo ndi umene umasinjidwa, nsinjiro zake n'kuthiridwa m'phala la mwana. Wabwino wadyedwa ndi mlendo, woipa wadyedwa ndi mwini munda!

Chuku chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kuphika kapena kukazinga. Amaononga chiwindi, amayambitsa khansa, ndipo ana oudya kawirikawiri amapinimbira. Anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya keke ya mtedza. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga cha chuku chomwechi.

Ena amati ziweto zingathe kuudya. Ayi ndithu. Poizoniyu amatsalira kwambiri m'keke, ndipo ng'ombe ikadya amatulukira mu mkaka, umene wodzamwa ndi mwana yemwe uja.

Choncho mtedza uyenera kuuma bwino usanasungidwe, ndipo chizolowezi chouwaza madzi kuti makoko afewe pouswa chiyenera kutha, pakuti chinyontho ndicho chimameretsa chuku. Wofinya mafuta asankhe mtedza wake asanauthire m'makina. Wa chuku uotchedwe kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya, pamene nkhuku ndi nkhumba sizingafukule.