Gogo akamapumira panjira si ulesi, mwina ndi msana

M'mabanja ambiri muli gogo amene kale ankafika kumsika osapuma, koma lero akangoyenda pang'ono amafuna pokhala. Amadandaula kuti miyendo ikulemera, ikuchita dzanzi kapena ikuwawa kuchokera m'matako kutsikira kumapazi. Chodabwitsa n'choti gogo yemweyo amatha kupalasa njinga kapena kuwerama n'kumapalira osamva ululu wotero.

Apa m'pomwe achibale amasokera. Ena amati ndi ulesi, ena amati ndi ukalamba basi, pomwe ena amathamangira kwa sing'anga kukatemetsa mphini poganiza kuti gogoyo adaponda mankhwala.

Komatu zizindikirozi zimafanana ndi za vuto lomwe madokotala amalitcha spinal stenosis. Mkati mwa mafupa a msana muli ngalande momwe mumadutsa mitsempha yochokera kuubongo kupita m'manja ndi m'miyendo. Munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 50, mafupa ndi minyewa yozungulira ngalandeyi imakhuthala, timapilo ta pakati pa mafupa timaphwa, ndipo njirayo imachepa n'kuyamba kufinya mitsempha.

Munthu akaima chilili kapena akamayenda, njirayo imapanikizika kwambiri. Akawerama kapena kukhala pansi imatseguka pang'ono, ululu n'kuchepa. N'chifukwa chake njinga imatheka pomwe ulendo wapansi ukukanika.

Mphini sizingakulitse ngalande ya m'fupa. Ndalama zomwe zimathera kwa sing'anga ndi bwino zikhale za thiransipoti yopitira kuchipatala, chifukwa matenda ena, monga TB ya msana, amabweranso ndi dzanzi ndi kufooka kwa miyendo. Dokotala yekha ndiye angasiyanitse.

Ambiri safunikanso opaleshoni. Mafizo, mankhwala ochepetsa ululu, kuchepetsa thupi ndi kuyenda pang'onopang'ono mopumira zimathandiza. Kumugoneka gogo pamphasa tsiku lonse kumangofooketsa miyendo. Pomwe zavuta, chipatala cha boma chimatumiza wodwala kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Koma pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche: mkodzo kukanika kutuluka, mkodzo kapena chimbudzi kungotuluka chokha, dzanzi pakati pa miyendo, kapena miyendo kufooka mwadzidzidzi. Kuchedwa apa kungasiye munthu wolumala mpaka kalekale.

Gogo amene adalera banja lonse sayenera kunenedwa waulesi kapena wolodzedwa asanaonane ndi dokotala. Ana ndi adzukulu aleke kumufulumizitsa panjira, amuperekeze kuchipatala.