Tequila wadzadza m'mabala, koma wochokeradi ku Mexico ndi uti?

Mukatsegula ma status Lachisanu usiku, zithunzi zake n'zofanana: timagalasi tandandalikidwa pa kauntala, mchere padzanja, kachidutswa ka ndimu, kenako nkhope zokwinyika. Tequila walowa m'tauni muno. Kale ankapezeka m'mahotela akuluakulu, lero ngakhale bala ya pakona ikulengeza ma shoti atatu pamtengo wa awiri. Ine funso langa ndi limodzi. Ndalama zakunja zikusowa chonchi, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo, ndiye mowa wochokera ku Mexico ukutchipa bwanji?

Tequila si dzina loti aliyense angamate pabotolo la mowa waukali. Kuyambira 1974 dzinali ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo mowawu umaloledwa kupangidwa m'zigawo zisanu zokha za Mexico: Jalisco yense, ndi madera ena a Guanajuato, Michoacán, Nayarit ndi Tamaulipas. Chomera chake n'chimodzinso, blue agave, m'bale wake wa khonje uja timapota naye zingwe. Chimatenga zaka pafupifupi 6 mpaka 8 kuti chikhwime. Akasadza masamba pamatsala chimutu chooneka ngati chinanazi chachikulu, amachiphika, kufinya madzi ake otsekemera, kuwasasitsa, kenako kutcheza kawiri. Amene anaonapo kutcheza kachasu sangadabwe nazo. Koma ganizirani zaka zonsezo m'munda, sitima yapanyanja, galimoto kuchokera kudoko, msonkho paboda, phindu la mwini bala. Shoti yake singafanane mtengo ndi botolo la mowa wa pompano. Ikafanana, pali penapake pamene padumphidwa.

Ku South Africa, chigawo cha Karoo, amatchezanso mowa wa agave wakumeneko. Ndi mowa ndithu, si chinyengo, koma saloledwa kuutcha tequila. Mukaona botolo lolembedwa "agave spirit" kapena "tequila flavoured", eni ake akukuuzani okha kuti si ameneyo. Vuto limabwera pamene wogulitsa akukulipiritsani ngati ndi yemweyo.

Botolo lenileni limadziulula lokha mukaliwerenga. Pamakhala zilembo zakuti NOM zotsatana ndi nambala ya manambala anayi, ndipo nambalayo ndi ya fakitale imene inatcheza mowawo. Pamakhalanso zilembo zakuti CRT, kutanthauza Consejo Regulador del Tequila, bungwe limene lakhala likuyang'anira mowawu kuyambira 1994. Nambala ya NOM mutha kuifufuza pa intaneti muli pakauntala pomwepo, bandulo ya WhatsApp ikakana pemphani mnzanu. Ikapanda kugwirizana ndi dzina la pabotolo, musavutike n'kukangana, itanitsani china. Mphamvu yake imayenera kukhala pakati pa 35 ndi 55 peresenti.

Pali mawu enanso amene ambiri sitiwalabadira, koma ndi amene amasiyanitsa mitengo: "100% de agave". Akakhalapo ndiye kuti shuga yense amene anasanduka mowa anachokera ku agave, ndipo mowawo anauthira m'botolo ku Mexico komweko. Akapanda kukhalapo, ndi umene amautcha mixto: lamulo limangofuna kuti 51 peresenti ya shugayo ichokere ku agave, yotsalayo itha kuchokera ku nzimbe kapena chimanga. Jose Cuervo Especial ndi Olmeca wamba, amene amayenda kwambiri m'ma shoti, ali m'gulu limeneli. Si feki ayi, ndi tequila wovomerezeka, kungoti ndi wa kalasi yachiwiri. Ndipo musatengeke ndi mtundu wagolide. Blanco ndi woyera mbee chifukwa sanakhalitse mumgolo. Reposado amagona mumgolo wamatabwa miyezi iwiri kapena kuposa, añejo chaka chimodzi kupita m'tsogolo, extra añejo zaka zitatu. Koma wolembedwa "gold" nthawi zambiri golide wakeyo ndi shuga wopsereza basi. Za kachimbozi kogona pansi pabotolo, zimenezo n'za mezcal wina, mu tequila mulibe.

Ngakhale mayina akuluakulu sakusowa mikangano. Mu 2025 anthu ena ku America anasumira kampani ya Diageo, eni ake a Don Julio ndi Casamigos, ponena kuti mowawo si wa agave yekhayekha monga akulembera. Kampaniyo inakana zimenezo. Ngati kumene kuli ma labu ndi maloya akukanganirana zomwe zili m'botolo, nanga ife kuno amene timamwa kumdima, nyimbo zili pamwamba?

Apa ndi pamene nkhaniyi imandidetsa nkhawa, chifukwa zonse ndafotokozazi zimathandiza botolo likakhala lotseka. Shoti simuiona potsegula. Botolo la orijino, NOM yake ili bwinobwino, litha kutha Lachisanu n'kudzadzanso Loweruka osapita kusitolo. Sindikunena kuti bala iliyonse imachita zimenezi. Ndikunena kuti ndi chinyengo chosavuta, ndipo mwambo wathu wa mchere ndi ndimu umachibisa bwino kwambiri. Mchere patsogolo, ndimu pambuyo, pakatipo mutha kumeza chilichonse choyaka pakhosi n'kukuwa kuti wafika.

Akathiramo mowa wotchipa, mwangoberedwa ndalama. Akathiramo sipiriti wa methanol, nkhani ndi ina. Methanol samveka kusiyana pakamwa kapena pamphuno, ndipo masipuni ochepa chabe atha kupha maso. Mu November 2024 alendo asanu ndi mmodzi anamwalira atamwa mowa wotere ku Vang Vieng m'dziko la Laos, ambiri a iwo achinyamata amene anangopita kokasangalala. Kwathu kuno sitinaiwale anthu amene anamwalira ku Blantyre mu 2024 atamwa mowa uja ankautcha Ambuye Ntengeni. Ambiri tinaiona ngati nkhani ya m'mashabini, yosakhudza anthu a ma shoti. Komatu wosakaniza mowa sayang'ana kuti botolo likupita kuti, amayang'ana phindu, ndipo phindu lalikulu lili pa dzina lodula.

Boma linaletsa masacheti, mowa womwewo unabwereranso m'timabotolo ta midoli. Izi zikusonyeza kuti kuletsa paketi sikufika pa zomwe zili m'kati. A MRA anabweretsa masitampa a msonkho aja a Kalondola, ndipo ndi bwino kuyang'ana ngati botolo lili nacho chisitampacho, koma sitampa imanena za botolo lisanatsegulidwe. Ine ndikanakonda kuona a Malawi Bureau of Standards ndi akhonsolo, amene amapereka malaisensi a mabala, akutenga mowa wa m'mabotolo otsegula kale n'kukauyeza, usiku, nthawi imene ukugulitsidwadi. Eni mabala achilungamo nawo atha kuswa kapena kuwononga zitsekero za mabotolo otha m'malo mowagulitsa, chifukwa botolo lopanda kanthu la dzina lodziwika ndiye mpamba wa wachinyengo.

Pakadali pano, mukakhala gulu, sonkhani mugule botolo lathunthu, litsegulidwe inu mukuona, chitsekero chilire. Mukamagula shoti, pemphani botolo alibweretse pakauntala, si mwano umenewo. Kenako lawani pang'ono opanda mchere, opanda ndimu. Blanco wabwino amanunkhira ngati mbatata yootcha yosakanikirana ndi tsabola ndi udzu wauwisi. Akamanunkha ngati mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, musiyeni, ngakhale mwalipira kale.

Ndipo mnzanu akadzuka mawa lake akuona zinthu mwachimbuuzi, m'mimba mukupotokola, akusanza, akupuma mothamanga, musamuseke kuti ndi matsire, musamugulire kanyenya ndi Fanta. Methanol amachedwa kuonekera, nthawi zambiri maola 12 mpaka 24. Thamangani naye kuchipatala, muwauze madokotala chimene anamwa, malo ake ndi nthawi yake, ndipo ena onse amene anamwa botolo lomwelo muwaimbire apitenso.