ZA MALONDA ATHU: Kuitana anthu ku malo otsukirapo galimoto popanda kutaya ndalama

Aliyense woyenda pa Great East Road mu Lusaka, kapena m'misewu ya mu Chipata, Katete ndi Petauke, amaona acinyamata ali ndi mabaketi, nsalu ndi sopo, alikudikira galimoto yoti atsuke. Ambiri a iwo anayamba nchitoyi ndi ndalama zobwereka kwa makolo kapena kwa abale. Magalimoto aculukadi, makamaka akale ocokera ku Japan amene amalowera pa Nakonde, koma nawonso otsuka aculuka. Tsono funso lathu mwezi uno ndi ili: munthu amene alibe ndalama zolipirira cikwangwani cacikulu ca pamsewu kapena wailesi yakanema, angadziwitse bwanji anthu za nchito yake?

Coyamba, dziwani amene mulikumuitana. Palibe munthu wa ku Matero amene angaononge mafuta kupita ku Chelstone kukatsukitsa galimoto. Makasitomala anu ndi anthu okhala pafupi nanu, ogwira nchito pafupi nanu, ndi odutsa pamsewu wanu m'mawa ndi madzulo. Ndalama zimene mungalipire kuti mzinda wonse umve za inu, zambiri zidzathera kwa anthu amene sadzafika konse. Cotero yambani ndi dera limene mungathe kulizungulira ndi miyendo.

Wolengeza malonda wanu woyamba ndi cikwangwani ca pakhomo. Woyendetsa galimoto amaciona kwa kamphindi cabe, ndiye musacidzaze ndi mau. Lembani zilembo zazikulu, mitundu iwiri ya penti, ndi zinthu zitatu zokha: nchito imene mucita, mtengo wake, ndi nambala ya foni. Anthu ambiri amaopa kuima pamalo pamene mtengo sunalembedwe, poganiza kuti adzawachulira mtengo wolingana ndi kukongola kwa galimoto yao. Ciikeni patsogolo pang'ono, munthu asanafike polowera, kuti apeze mpata wocepetsa liwiro. Musanacikhome, funsani ku khonsolo za cilolezo, cifukwa cikwangwani copanda cilolezo angathe kucizula. Kumbukiraninso kuti malo enieniwo amalankhula. Madzi akuda apite m'ngalande, asamaime pamsewu. Anthu a mu Lusaka sanaiwale kolera ya 2017 ndi 2018, ndiponso ya 2023 ndi 2024, ndipo zithaphwi za madzi onunkha zimathamangitsa munthu amene cikwangwani cinamuitana.

Caciwiri, pitani kwa amene amatsukitsa kawirikawiri. Mwini galimoto yapanyumba angabwere kamodzi pa sabata, koma woyendetsa teksi kapena minibasi amafuna galimoto yoyera pafupifupi tsiku lililonse, popeza ndiwo munda wake. Pitani pamalo pamene amaimikapo, mupereke moni kwa acheyamani ao, ndipo muwauze kuti pa nthawi imene nchito imacepa, monga pakati pa m'mawa, mudzawatsitsirako mtengo. Konzaninso timakhadi tokhala ndi malo asanu ndi amodzi osainapo. Tinene kuti mumalipiritsa K50. Munthu akatsukitsa kasanu, kacisanu ndi cimodzi mumtsukire ulere. Iye walipira K250 m'malo mwa K300, inu mwataya madzi, sopo ndi thukuta la ulendo umodzi, koma mwamuona pakhomo panu kasanu ndi kamodzi.

Cacitatu, gwirizanani ndi anansi anu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Womata matayala, makanika, wometa tsitsi ndi mai wogulitsa cakudya pafupi nanu, onsewa amalankhula ndi eni magalimoto tsiku lonse. Asiyireni timapepala tanu, inunso muzitumiza anthu kwa iwo. Munthu amene galimoto yake ilikutsukidwa ali ndi nthawi yoti akametetse kapena kudya, ndipo nonse mupindula. Maofesi, masukulu ndi nyumba zogona alendo nazonso zili ndi magalimoto, koma kumeneko amafuna dzina lodziwika ndi risiti. Kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA kudzakutsegulirani zitseko zimenezi. Kunena za ku parishi, pa Sabata pamakhaladi magalimoto ambiri pabwalo, koma si bwino kuika mapepala pa magalasi anthu ali mu Misa. Pemphani abambo mfumu kapena a bungwe la parishi ngati angalole kapepala kanu pa bolodi la zidziwitso, ndipo mulandire yankho lao mwaulemu.

Cacinai, foni imene ili m'thumba mwanu igwire nchito. Jambulani mpando wa galimoto usanatsukidwe, muujambulenso mutamaliza, ndipo muike zithunzi ziwirizo pa WhatsApp, pamalo paja pamene cithunzi cimakhala maola 24. Anthu amakhulupirira msanga zimene aona ndi maso. Koma pemphani kaye kwa mwini wake, ndipo mubise nambala ya galimotoyo. Kuika malo anu pa Google Maps sikulipiritsa, ndipo mlendo wofunafuna potsukira pafupi adzakupezani. Lolaninso anthu kulipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo mulembe zimenezi pa cikwangwani. Cenjerani ndi mauthenga a tsiku ndi tsiku kwa makasitomala. Amatopetsa, ndipo munthu akatopa amatseka nambala yanu.

Ngati mwasungako ndalama zolengezera pa wailesi ya m'dera, monga Breeze FM ya ku Chipata, sankhani nyengo. Fumbi limaculuka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo matope amayamba ndi mvula ya Novembala. Kum'mawa kuno magalimoto ambiri amabwera kumapeto kwa Febuluwale ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndi kumapeto kwa Ogasiti ku Kulamba ku Mkaika, ndipo amabwerera ali mbuu. Cilengezo cacifupi m'masabata amenewo cingaposetu ca mwezi wathunthu pa nthawi ina.

Komabe zonsezi zimangobweretsa munthu ulendo woyamba. Cimene cimambweza ulendo waciwiri ndi nchito yanu ndi kukhulupirika kwanu. Lamulo la m'caka ca 2010 loteteza ogula, limene bungwe la CCPC limayang'anira, limaletsa kulengeza malonda monyenga. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, mwambi wathu unacenjeza kale: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musalembe kuti mumacotsa zokala zonse pa penti pamene muli ndi polishi cabe. Pa cilala ca 2024, madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo makina okoka fumbi ndi opopera madzi ankangokhala. Amene alibe jenereta kapena thanki yosungiramo madzi asalonjeze kuti nchito iliyonse imatheka nthawi iliyonse.

Samalaninso manja anu. Mcenga wotsalira pa nsalu umakala penti, cotero khalani ndi mabaketi awiri, lina la sopo, lina lotsukuluzira nsalu, ndipo nsalu ya matayala isakhudze thupi la galimoto. Sopo waufa wocapira zovala amacotsa polishi, ndipo kutsuka padzuwa lamphamvu kumasiya madontho. Coposa zonse, munthu akakupatsani makiyi wakupatsani cuma cake. Ndalama, foni kapena pepala limene mwapeza pansi pa mpando, liikeni m'kathumba ndi kumpatsa iye asanafunse. Nkhani yotere adzaifotokoza kunchito ndi kunyumba popanda inu kumlipira. Foni imodzi ikasowa, nkhaniyo idzayendanso comweco, ndipo palibe cikwangwani cimene cingaifafanize.

Pomaliza, gulani kabuku. Aliyense wobwera koyamba mumfunse kuti, "Munamva kuti za ife?" ndipo mulembe yankho lake. Pakutha kwa mwezi muwerenge: angati anaona cikwangwani, angati anatumidwa ndi makanika, angati anaona pa foni, angati anauzidwa ndi mnzao. Njira imene sinabweretse munthu, lekani kuilipirira. Inunso makolo amene munapereka ndalama zoyambira, mwana akabwera kudzapempha zina zosindikizira mapepala, muyambe mwaona kabukuko, mukhale naye pansi, muwerengere pamodzi.