Lamya Zolankhulana Zokha M'mafunde Opanda Mwini

Anthu awiri okhala m'nyumba zoyandikana akamatumizirana uthenga pa lamya za m'manja, mau ao sapita molunjika. Amayamba apita ku nsanja ya kampani, imene mwina ili kutali makilomita angapo, kenaka nkubwerera kwa woulandira. Nsanjayo ikagwa ndi mphepo, kapena magetsi ache akatha, lamya ziwirizo zimakhala duu ngakhale kuti zili pafupi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri akhala akufunira njira yoti zipangizo zizilankhulana zokha popanda mkhalapakati.

Bungwe la 3GPP, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1998 ndipo limalemba malamulo a kayendedwe ka lamya za m'manja pa dziko lonse, linavomereza njira yotereyi m'chaka cha 2015, makamaka pofuna kuthandiza apolisi ndi ozimitsa moto. Njirayi imatchedwa sidelink. Pambuyo pache anaikonza kuti galimoto zizichenjezana pa mseu. M'mpambo wa malamulo wotchedwa Release 18, umene unamalizidwa m'chaka cha 2024, bungweli linalola kuti sidelink igwirenso ntchito m'mafunde a wailesi osafuna chiphaso, a 5 GHz ndi 6 GHz. Apa mpamene pagona nkhani.

Mafunde a wailesi ali ngati malo olima. Ena ndi a chiphaso: boma limawapereka kwa kampani imodzi imene yalipira, monga momwe bungwe la MACRA limachitira m'Malawi, ndipo wina saloledwa kulimamo. Ena ali ngati dambo la mudzi limene aliyense amadyetsamo ziweto zache. Dziko la America ndilo linatsegula dambo lotere m'chaka cha 1985, ndipo m'menemo ndimo munakulira Wi-Fi ndi Bluetooth. M'chaka cha 2020 dziko lomwelo linawonjezera gawo lina lalikulu, lokwana 1,200 MHz, m'mafunde a 6 GHz. Malo aulere otere amakopa aliyense, koma mulibe mfumu yogawa minda.

Vuto la anthu ambiri olankhulira pa njira imodzi silachilendo. M'chaka cha 1971, Norman Abramson ndi anzache pa yunivesite ya Hawaii analumikiza makompyuta a pa zilumba ndi wailesi, mwa njira yotchedwa ALOHA. Makina alionse ankangotumiza uthenga pamene afunira, ndipo mauthenga awiri akawombana onse ankaonongeka. Masamu anasonyeza kuti mwa njira imeneyi, pa magawo 100 a nthawi, magawo 18 okha ndiwo amapindula. Pambuyo pache panabadwa lamulo limene mwana aliyense woleredwa bwino amalidziwa: yamba wamvetsera usanalankhule.

Lamuloli ndilo mwambo wa m'mafunde opanda chiphaso, ndipo ku Ulaya ndi ku Japan nlokakamiza. Chipangizo chofuna kutumiza uthenga chimatchera khutu. Chikamva kuti kuli zii, chimasankha nambala mwa maere nkuyamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo pa nambala iliyonse chimamvetsera kwa ma microsecond 9, microsecond kukhala gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Wina akayamba kulankhula, kuwerengako kumaima. Chikafika pa ziro chimalankhula, koma kwa kanthawi kosapitirira gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, kenaka chimasiyira ena.

Sidelink inakula ndi mwambo wina, wosungitsa malo. Nthawi yache ndi yogawidwa m'tizigawo tofanana, ndipo uthenga umayambira pa chiyambi cha kagawo. Pamene palibe nsanja yogawa, chipangizo chimadzisankhira chokha. Chimamvera zimene zinzache zalengeza kuti zidzagwiritsa ntchito m'tsogolo, nkuchotsa malo amenewo pa mndandanda wache. Malo otsala akachepera mlingo woikika, monga 20 pa 100 alionse, chimafewetsa muyeso wache nkuwerenganso. Pa otsalawo chimasankha mwa maere, ndipo nacho chimatha kulengeza malo amene chidzabwerereko.

Miyambo iwiriyi ikakumana pamabuka zovuta zitatu. Choyamba nchakuti Wi-Fi sazindikira chilankhulo cha sidelink, kotero kuti lonjezo la malo silimkhudza. Nthawi yosungitsa ikakwana iye ali pakati polankhula, wosungitsayo ayenera kukhala chete, ndipo zinzache zimene zinalemekeza lonjezolo zimakhala zapewa malowo pachabe. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chachiwiri nchakuti chipangizo chikamaliza kumvetsera pakati pa kagawo, chimadikira chiyambi cha kagawo kotsatira, pamene Wi-Fi, amene sadikira belu, amalowa pomwepo. Chachitatu nchakuti zipangizo za sidelink zimatha kutsekerezana zokhazokha: chimodzi chikamalankhula, chinzache chimene chikumvetsera pokonzekera kagawo kotsatira chimamva phokoso nkuleka.

Malamulo a 2024 sanathetse umodzi mwa miyamboyi, koma anafuna kuigwirizanitsa. Analola kuti kagawo kamodzi kakhale ndi malo awiri oyambira, kuti wochedwa pang'ono asataye konse. Analola chipangizo kusankha tizigawo tingapo totsatizana, kuti chikapeza mpata chinene zambiri ulendo umodzi. Analolanso kubwerekana nthawi: chipangizo chimene chapeza mpata chingagawireko chinzache choyankha, ndipo ichi chimangomvetsera kwa ma microsecond 25 kapena 16, mwinanso osamvetsera konse ngati yankho lache nlalifupi ndipo likutsatira pomwepo.

Funso la chilungamo likhalapobe. Pamene makampani a lamya anayamba kufuna kulowa m'mafunde a 5 GHz, cha m'ma 2015, opanga Wi-Fi anadandaula kuti mlendo wamphamvuyu awalanda malo. Mfundo imene 3GPP inatsata inali yakuti mlendo asavutitse Wi-Fi koposa momwe Wi-Fi mnzache angamvutitsire. Njira iliyonse yothandiza sidelink kugwira mpata nthawi yaitali iyenera kuyesedwa pa muyeso womwewo, pakuti m'mafunde amenewa ndimo sukulu, zipatala ndi mabanja amalandirira intaneti. Phindu la wina likakula mopyola, wophunzira wa m'chipinda choyandikana ndiye amaona kompyuta yache ikuchedwa, osadziwa chochititsa.

Komanso lamulo kulembedwa sindiye kuti zipangizo zafika m'sitolo. Sidelink ya 2015 sinafale m'lamya za anthu wamba, ngakhale inali m'mabuku. Njira yatsopanoyi ikuyembekezeka kuthandiza makina a m'mafakitale ndi zipangizo za m'nyumba zofuna kutumizirana zithunzi zambiri mofulumira, koma pa ntchito zoterezi Wi-Fi ndi Bluetooth anakhazikika kale ndipo ngotsika mtengo. Ntchito zimene uthenga wache suyenera kuchedwa ngakhale pang'ono, monga kuchenjeza galimoto za ngozi, zidzafunabe mafunde akeake, popeza m'dambo la onse palibe amene angalonjeze kuti nthawi yakuti idzakhala yache.