Mwana wa ku Sanga ayezedwe tisananene kuti matendawa kuno kulibe

M'chaka cha 2018, madokotala adalengeza zotsatira za kafukufuku wa ana 215 odwala multiple sclerosis, nthenda yomwe chitetezo cha m'thupi chimaukira minyewa ya mu ubongo ndi mumsana mpaka mwana kuyamba kuona mwachimbuuzi kapena kufooka miyendo. Ana omwe ankamwa mankhwala a fingolimod, nthendayi inkawabwerera mocheperapo ndi 82 peresenti poyerekeza ndi omwe ankabayidwa interferon. Chaka chomwecho America idavomereza fingolimod kwa ana a zaka 10 kupita m'tsogolo.

Ukafunsa kuno, yankho limabwera msanga: imeneyo ndi nthenda ya azungu. Ine yankho limeneli ndikulikana. Adayeza ndani? Nthendayi imatsimikizika ndi makina a MRI, ndipo oyamba m'dziko muno adafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, kudzera m'kafukufuku wa malungo a mu ubongo. Makina omwewo ndiwo adaonetsa mu 2015 kuti ana ambiri omwalira ndi malungowa amafa chifukwa chotupa ubongo. Malungo takhala nawo kuyambira makolo, koma kutupako kudatsimikizika makina atabwera.

Tsono taganizani za mwana wa ku Sanga amene miyendo yayamba kuzizira. Mayi ake amubereka kupita naye ku Chintheche, kenako ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay, mwina mpaka ku Mzuzu. Amutenga chimbudzi kuti ayeze poliyo, ndipo ndi bwino ndithu, poti poliyo adapezekanso ku Lilongwe mu 2022. Nanga akapezeka alibe poliyo? Kumudzi mawu amatsala amodzi: walodzedwa.

Chikhalirecho mwanayu amasamba m'nyanja tsiku ndi tsiku, ndipo mazira a likodzo amatha kukakhazikika mumsana n'kupuwalitsa munthu. Mu 1992 likodzo litagwira ubongo ndi msana wa anthu awiri a Peace Corps omwe adasambira ku Cape Maclear, akatswiri a ku America adabwera kudzafufuza. Alendo awiri okha! Ana a asodzi athu ndi angati omwe akukwawa osadziwa kuti mankhwala a likodzo a praziquantel akadawathandiza?

Unduna wa Zaumoyo ndi sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences akhazikitse lamulo lakuti mwana aliyense wofooka miyendo yemwe alibe poliyo atumizidwe kukaunikidwa msana ndi ubongo, boma lilipire ulendowo, ndipo zotsatira zake zilembedwe m'kaundula. Makampani oyesa mankhwala amapita komwe odwala adawerengedwa.