Aphunzitseni madokotala akumudzi za BP ndi shuga

Akonzi,

Ndiloleni ndipereke dandaulo langa kudzera m'nyuzipepala yanu pa zomwe zawaonekera mayi anga, poti ndikudziwa kuti olira si ife tokha.

Kwa miyezi isanu mayi ankadandaula mutu wa kunkhongo ndi chizungulire. Tikawakweza kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu, ankawabaya chala kuyeza malungo, osawapeza, n'kuwapatsa panado. Kabuku kawo ka kuchipatala ndili nako pano. Muli maulendo anayi, koma palibe tsamba ngakhale limodzi lomwe analembapo BP. Tsiku lina m'mawa akupalira chimanga, khasu linapulumuka m'manja, pakamwa n'kupotoka. Kuchipatala chachikulu anati ndi sitiroko, ndipo magazi awo akhala akuthamanga kuyambira kale. Mayi amene ankasenza okha mtolo wa nkhuni, lero timachita kuwamwetsa phala.

Sindikuloza chala mnyamata amene ankawaonayo. Ndinadzionera ndekha mzere wa odwala utafika patsinde pa mtengo wa mango, iye ali yekhayekha kuyambira m'mawa, makina oyezera BP ali patebulo opanda mabatire. Zomwe anazolowera ndi malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, matenda oti munthu akamwa mankhwala masiku ochepa amadzuka. BP, shuga, mphumu ndi khunyu ndi matenda amgonagona. Amafuna dokotala woyeza ulendo uliwonse, kulemba, kufananitsa ndi mwezi watha, kuonjezera kapena kusintha mankhwala, kulangiza za mchere, n'kupereka tsiku lobweranso. Luso limeneli munthu amachita kuphunzitsidwa, ndipo amafunika kumamukumbutsa ali pantchito pomwepo.

Vutoli si lachilendo. Kafukufuku wa STEPS wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP, ndipo ochuluka mwa iwo sadziwa. Anthu onsewa sangakwane ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Khomo lawo loyamba ndi chipatala chaching'ono.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti njira yake tikuidziwa. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, dziko lino silinadikire madokotala akuluakulu. Linaphunzitsa ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino. Wodwala aliyense anakhala ndi khadi lake, oyang'anira ankayendera zipatala miyezi itatu iliyonse, ndipo wojomba ankamulondola mpaka kumudzi. Ku Neno, boma mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linatenga ndondomeko yomweyi n'kuika odwala BP, shuga, mphumu ndi khunyu m'kiliniki imodzi ndi omwa ma ARV. Ngati zinatheka kumapiri a Neno, chikuletsa n'chiyani kwina konse?

Pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo nali. Sukulu monga Malawi College of Health Sciences zizipereka nthawi yokwanira ku matenda amenewa. Omwe ali kale pantchito aziphunzitsidwa pachipatala pawo, wodziwa atakhala pambali akuona momwe akuthandizira odwala, chifukwa maphunziro a masiku awiri kuhotela amatha kuiwalika munthu asanafike n'kunyumba komwe. Wamkulu aliyense wofika pachipatala ayezedwe BP, ngakhale wabwerera chilonda cha pamwendo. Ndipo makina, mabatire ndi mankhwala zisamasowe, poti wophunzira wopanda zida ali ngati mlimi wopanda khasu.

Dzanja la mayi mwina silidzagwiranso khasu, zimenezo tazivomereza. Koma mng'ono wawo, mayi anga aang'ono, nawo ayamba kudandaula mutu wa kunkhongo, ndipo chipatala chawo ndi chomwechija.

Ine mwana wodandaula,
Lilongwe